Pakhonde la Telala ku Benga

Mvula inandipeza pa Benga Lachiwiri masana,
ine ndi nkhosa khumi ndi zinayi za eni ake.
Ndinathawira pakhonde la Che Sumani, atelala,
nkhosa zitaunjikana kuseri kwa chigayo.

Ndinapeza moto wayaka kale, koma osati wa nkhuni.
A Gilisoni, akulu ampingo, chala chili m'mwamba,
buku lawo alikulunga m'jumbo kuopa madontho,
mavesi okha akutuluka osanyowa.
Che Sumani phazi lili pa makina, singano ikuthamanga,
pakamwa napo pakusoka zake.

"Tsiku lijalo mbuzi zidzaima kumanzere!"
"Nanga kaundula wa kholalo anakupatsani ndani?"
"Inu munasochera."
"Wosochera ndi amene akufuulayo."
Malata akulira, iwo akukweza mawu kuposa malata,
anyamata a kabaza akuwomba m'manja
ngati ali ku mpira, aliyense ndi timu yake.

Ine sukulu ndinalekezera sitandade faifi.
Za kumwamba sindilowerera.
Koma nkhosa ndimazidziwa mpaka fungo.
Ukaikalipira imathawira komwe kuli fisi.
Ndodo yangayi inaperepeseka kunsonga
osati pamsana pa chiweto,
koma pofufuza njoka mu udzu.
Nkhosa imabwera ndi kamluzu kamodzi, kapansipansi,
kaja inakamva idakali yonyowa tsiku lobadwa.
Ndinafuna kunena zimenezi. Ndinameza.
Waganyu salowa nkhani za anthu ovala nsapato.

Mvula itakata ndinawerenga.
Khumi ndi zitatu.
Ndinayambiranso, kuloza ndi ndodo.
Khumi ndi zitatu.
Kasowa kaja kong'ambika khutu,
mtengo wake malipiro anga a miyezi iwiri.
Sindidziwa chimene nkhope yanga inanena,
koma makina anaima.

Tinatsikira kudambo atatu,
a Gilisoni atapinda thalauza lawo lopitira ku tchalitchi,
Che Sumani atakwinyira mkanjo m'chiuno.
Tinakapeza m'ngalande ya mpunga, matope mpaka m'khosi,
katasiya ndi kulira komwe.
"Gwirani kutsogoloko, achimwene."
"Pang'onopang'ono, mungakathyole mwendo."
Sindinaone kuti akunena ndani kwa ndani.
Matope a kwathu kuno safunsa tsiku lomwe umapemphera.
Onse awiri anatuluka akuda mofanana,
ndipo nsapato imodzi ya akulu ampingo
ili komweko mpaka lero.

Pakhonde paja Che Sumani anatola zidutswa
zotsala pa suti ya ukwati wa munthu wina,
nakapukuta nazo kumsana, kumimba, m'makutu.
Kananjenjemera, kanayetsemula,
kenaka kanagona pansi pa makina.

Musaganize kuti anagwirizana.
Tiyi asanazizire anali atayambiranso,
uyu ndi vesi lake, uyo ndi aya yake,
palibe anasuntha ngakhale kaphazi.
Koma mawu anali atatsika
ngati a anthu ocheza m'chipinda cha wodwala.
Wina ankadikira kuti mnzake amalize.
Nthawi ina chala cha a Gilisoni chinayamba kukwera,
iwo anasuzumira pansi pa makina,
n'kuchibwezera m'thumba.
Anyamata a kabaza ataona kuti mpira watha
anakwera njinga zawo, ulendo kukasaka makasitomala.

Ine ndinakanyamula paphewa,
kakununkha mafuta a makina,
zinzake zikutsatira kamluzu kanga m'mbali mwa msewu,
magalimoto a nzimbe akutiwaza madzi.
Njira yonse ndinkangowerenga chamumtima,
khumi ndi zinayi, khumi ndi zinayi.
Abwana sanamve kanthu.

Za amene adzaime kuti tsiku lijalo
sindinafunse, ndipo iwo sanandiuze.
Lachiwiri likubwerali ndidzera pomwepo.
Ndili ndi ngongole ya nsapato imodzi,
ya kumanzere.